Sipeya Yachiwiri ya a Fowilo

Mwezi wamawa tikukavundukula chiliza cha amalume ku Jenala, ndipo abale andisankha ine kuti ndilembe mbiri yokawerenga kumanda. Akuti ndine amene ndinkakhala nawo pafupi. Andiuzanso kuti ikhale yaifupi ndi yabwino, poti munthu akafa sanenedwa zoipa. Chabwino, ya kumandayo ndalemba kale: anabadwa, anabatizidwa, anagwira ntchito, anakwatira, anadwala, anamwalira. Bodza mulibemo. Koma nditangoika cholembera pansi mtima unakana, ndiye ndikulemba ina iyi, imene sindikaiwerenga pamaso pa abusa.

Anali mlongo wawo wa mayi anga, dzina lawo a Yakobe, koma pa Migowi mukanafunsa za a Yakobe anthu akanangokuyang'anani. Onse ankawadziwa kuti a Fowilo, chifukwa cha pikapu yawo yakale yobiriwira, yokoka ndi matayala onse anayi, imene anaigula atapuma ntchito yotuta matabwa m'phiri. Unyamata wawo wonse unathera m'tinjira ta ocheka matabwa, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ndipo kunalibe khwawa kumeneko limene sankalidziwa. Ine ndimagula nandolo pa Migowi pomwepo. Shedi yanga ndi nyumba yawo zinangolekana ndi mpanda wa udzu, moti zambiri zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa.

Koma munthu ankaikonda galimoto uja! M'mawa uliwonse asanasukusule ankayamba aizungulira, kumenya tayala lililonse ndi chibakera n'kutchera khutu. Ankasolola kawaya koyezera oyilo, kukapukuta pabuluku, kukabwezera, kukasololanso. Ankakonda kunena kuti galimoto imayankhula, ogontha ndi madalaivala. Ankatinso agogo athu anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki katundu ali pamutu, ndiye mdzukulu wawo akapeza matayala aziwagwadira. Galimotoyo sinkagona ndi matope, abwere atatopa bwanji, poti ankati matope akagona pansi amadya chitsulo. Mwana akaitsamira ankalandira khofi. Nkhuku ikakwera paboneti inkadyedwa tsiku lomwelo, kaya ndi ya ndani.

Ndisawanamizire, ntchito yawo ankaidziwa. Pamtsinje sankawoloka asanatsike, kuvula nsapato ndi kuyenda m'madzimo mpaka tsidya, akupapasa miyala ndi mapazi. Akaima pachitunda, mwala unkayenera kukhala kumbuyo kwa tayala munthu asanatsegule pakamwa. Zaka zonsezo sanagwetsepo galimoto, sanagundepo ngakhale mbuzi. Chaka chimene napolo anatsika n'kukokolola milatho, ndi iwo amene ankafika kumene ena onse ankabwerera panjira. Anthu amawatama pa zimenezi ndipo sanama.

Chimene ankadziwika nacho kwambiri chinali sikelo. Ali mnyamata anaonapo lole yodzaza mopitirira ikubwerera chambuyo pachitunda mpaka kukagwera kuphompho, anthu ali pamwamba pa matabwa. Kuchokera pamenepo chilichonse chokwera m'galimoto yawo kupita kuphiri chinkayamba chayezedwa. Ndikati chilichonse ndikunena chilichonse: chigubu cha madzi, thumba la makala, Baibulo, munthu. Ankati phiri silimva zoti uyu ndi bwana, limangomva makilo. Sikelo yake inali yanga, yopachika ija ya nandolo, ndipo wowerenga muvi ndinali ine. Amuna ankagwira ngowe ndi manja awiri n'kupinda miyendo kuti alendewere, iwo ali pambali ndi choko, akulemba manambala pachitseko chakumbuyo cha pikapu.

Anakangana ndi aliyense. Akulu a mpingo atapempha galimoto kuti ikatule kwaya ya amayi kumsonkhano, anavomera, n'kunena kuti amayiwo ayambe abwera ku sikelo. Amayi anakana kulendewera pamsika ngati nyama ya mbuzi, ndipo amalume anakhala miyezi osapatsidwa moni kutchalitchi, koma sizinawakhudze olo pang'ono. Anyamata a njinga zamoto ankawauza m'maso muli gwa kuti akudzikumbira manda ndi petulo. Mayi anga, mlongo wawo weniweni, anawatsitsapo pamsewu wa ku Jenala chifukwa anabisa tambala m'chitenje atayezedwa kale. Mayi anayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, tambala kukhwapa, ndipo mpaka imfa yawo sanakwerenso. Ife tinkaziseka zimenezi. Tinkangoti ndi mmene alili a Fowilo.

Akazi awo, azakhali a Esinala, kwawo ndi kumtunda, kupitirira Fort Lister, mudzi wa m'mbali mwa phiri kumene minibasi sifika. Ndi munthu wochepa mawu, woseka atagwira pakamwa, Chichewa chawo chokokera ku Chilomwe. Miyendo inawatupa kalekale, moti kuyenda mtunda kapena kukhala panjinga yamoto m'miyala sakanatha. Pa zaka zonse za pikapu ija anakweramo kawiri kokha, konse kupita kuchipatala. Koma madzi otsukira galimotoyo ankatunga ndi iwo.

Nkhani imene sinandichoke pamtima inachitika zaka zinayi amalume asanamwalire, nyengo ya nandolo. Kunabwera amuna atatu apantchito zaboma, anthu ochokera maboma ena, wowatsogolera ali a Gondwe, mphunzitsi wa ku sekondale. Ankafuna kuti amalume akawaperekeze kuphiri, akagoneko kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, m'matenti, kutali ndi anthu, kopanda chimbudzi kopanda magetsi. Abale inu, anthu a nyumba zamalata ndi matiresi, kufuna kukagona pamiyala dala! Ife tinaseka mpaka misozi. Amalume sanaseke, anaitenga ngati nkhondo.

Masabata atatu athunthu ankakonzekera. A Gondwe ndi anzawo akaweruka kuntchito ankabwera, amalume n'kujambula njira pansi ndi kamtengo: apa tisiya msewu waukulu, apa pali khwawa lofuna matabwa awiri, apa tilowetsa fowilo, apa aliyense atsika n'kuyenda wapansi. Anawauza kuti madzi akumwa akatunga kumtunda kwa pogona, kusamba kumunsi, ndipo dzenje lodzithandizira akakumba okha n'kulikwirira okha. Moto akasonkha pathanthwe, osati paudzu, poti tchire linali litauma. Anawakaniza wayilesi yaikulu, mipando yopinda, ndi theka la mabotolo amene ankafuna kunyamula. Aphunzitsi akati adandaule, ankawauza kuti wofuna mpando atsale mu ofesi. Mafuta anawerengera okwerera kamodzi ndi kutsikira kamodzi, n'kuwonjezera chigubu chimodzi chapadera. Zonse zinalembedwa ndi choko pachitseko chija: jeke, fosholo, chikwanje, chingwe, matabwa, matenti awiri, sipeya imodzi.

Njira imene anajambulayo inkadutsa pakhomo penipeni pa a Malita, mkulu wawo wa azakhali. A Malita anali chigonere kuyambira nthawi yokolola, ndipo uthenga unali utabwera kawiri kuti akufuna kuona mng'ono wawo. Pabere lawo anatsala awiri okhawo. Azakhali anadikira tsiku limene amalume anadya bwino, n'kugwada chapatali pang'ono, ine ndili pomwepo ndikusoka matumba.

"Abambo ake a Lusiya, poti mukudutsa pakhomo pa achemwali, bwanji mundinyamuleko? Mukangonditsitsa pamsewu, pobwera mudzanditenga."

Amalume anayang'ana pachitseko chija nthawi yaitali, milomo ikuwerenga.

"Malo otsala ndi makilo 55," anatero. "Inu ndi katundu wanu yemwe. Mukapitirira ndi theka, musadzandidandaule."

Tsiku lomwelo azakhali anabwera ku shedi mozemba kuti ndiwayeze. Manja awo sakanatha kulendewera, ndiye ndinamanga thumba pangowe n'kuwakhazikamo ngati mwana wa ku sikelo. Muvi unaima pa 58, opanda katundu aliyense. Anatsika n'kubwerera kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya masana ndi madzulo, ankangomwa phala lamadzimadzi m'mawa, basi. Ndinawauza kuti, "Azakhali, mudzipha." Iwo anati, "Ndikadya kwa achemwali." Ankaphikira amuna awo monga mwa nthawi zonse, ankatunga madzi, ndipo masiku awiri omaliza anakhalira kuphika nyemba za kalongonda, kutaya madzi ndi kuthira ena, poti a Gondwe anati akufuna kukalawa kuphiri. Amalume ankaona mbale ya akazi awo ikubwerera youma tsiku ndi tsiku. Sanafunse.

Lachisanu m'mawa pikapu inaima pa shedi yanga, ndipo anthu a pamsika anaunjikana, poti kuyeza kwa a Fowilo chinali chionetsero chaulere. A Gondwe ndi anzawo analendewera mmodzimmodzi, anthu akukuwiza. Kenaka inafika nthawi ya azakhali. Anavala diresi lawo la kutchalitchi, m'manja muli kamtolo: shuga, sopo ndi bulangete latsopano la odwala. Ndinawakhazika m'thumba muja, kamtolo pamiyendo. Muvi unapita pa 58.

"Zapitirira," anatero amalume.

Azakhali anatulutsa bulangete n'kundipatsa. Anatulutsa shuga. Anavula nsapato, anavula juzi, anamasula chitenje chapamwamba, mzimayi wa zidzukulu, pamsika, anyamata a njinga zamoto akuwerengera mokweza ngati ali kumpira. Anatsala ndi sopo yekha m'manja. Ndinagwira sikelo kuti ileke kugwedera, ndinayang'ana kawiri, ndipo ndinakuwa kuti aliyense amve: "Fifite faifi! Ndendende!" Amayi ogulitsa tomato anaimba nthungululu. Azakhali anaseka osagwira pakamwa, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione mano awo onse.

Amalume anabwera, anayang'ana muvi okha, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Ndinawatsitsa azakhali, iwo n'kupita kukayala chiguduli kumbuyo kwa pikapu, pakona pamene akhale. Apo n'kuti amalume atazungulira mpanda kupita kunyumba. Anabwerako akugubuduza tayala latsopano, lakuda bii, lili pa limu yake, timinga ta kufakitale tisanathothoke.

"Ndinaiwala sipeya yachiwiri," anatero akuyang'ana ine. "Miyala ya kumtunda imang'amba matayala. Yeza ili, Feliya."

Anaiwala! Munthu amene sanaiwalepo ngakhale nati imodzi moyo wake wonse. Tayala limenelo anagula sabata yathayo n'kulibisa kuchipinda, ndinadzamva pambuyo pake kwa amene anawagulitsa. Ine ndikanatha kukana. Sikelo inali yanga, shedi inali yanga, ndinali mzimayi wa ana atatu. Koma ndinalikoleka pangowe ndi manja angawa, ndipo ndinawerenga. Makilo 30. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbuka.

"Malo atsala makilo 25," anatero amalume. "Amake Lusiya, chotsani chiguduli chanucho."

A Gondwe anayesa, ndisawaiwale. "Bambo, tisiye tenti imodzi ndi mabotolowa, amayi akwere. Kapena nditsale ine."

"Inu ndinu eni ulendo, ndipo matenti analembedwa kale. Kuphiri munthu wodwala miyendo ndi katundu. Tayala ndi moyo."

Azakhali anali chiimire opanda nsapato. "Abambo ake a Lusiya," anatero, "ndiye munditengereko sopoyu, akadziwe kuti ndinayesa."

"Sopoyo anali m'makilo anu, ndipo makilo anu atsala."

Tayala analigoneka pakona pomwe paja. Pikapu inanyamuka, kalongonda wa azakhali ali m'poto kumbuyo. Anthu anabalalika, aliyense akuyang'ana kwake. Azakhali anavala nsapato zawo, kenaka juzi, kenaka anandipempha madzi akumwa.

Amalume anabwerako Lamulungu masana, anthu atangoweruka kutchalitchi. Azakhali anathamangira kuchipata mmene miyendo inawalolera.

"Mwawaona achemwali? Ali bwanji?"

"Madzi," anatero amalume. "Galimoto ili ndi matope."

Azakhali anatunga ndowa zisanu ndi imodzi kumjigo. Amalume anatsuka kunsi, anatsuka matayala, anapaka girizi, anatsitsa sipeya yachiwiri ija ili yatsopano monga inapitira, anaipukuta n'kuipachika pamsomali m'chisakasa. Anasamba, anadya. Dzuwa litapendeka, akutokosa m'mano, ndi pamene anati:

"Achemwali anu aja anawaika dzulo."

Azakhali sanalire pomwepo. Anatola mbale, anakatsuka, kenaka anakakhala kuseri kwa bafa. Kumeneko ndi kumene kunachokera kulira kumene sindifuna kudzamvanso, ndipo ndinadumpha mpanda kukawagwira.

Za kumtundako ndinazimva kwa a Gondwe, amene anabwera ku shedi patapita masiku maso ali pansi, komanso kwa mwana wamkazi wa a Malita. Lachisanu masana, pikapu ikukwera chitunda cha kumudziko, a Malita anali moyo. Anamva kulira kwa injini ndipo anaizindikira, poti galimoto yofika kumeneko inali imodzi yokha. Anauza ana kuti awadzutse, awatsamiritse kukhoma, awamange mpango kumutu, mng'ono wawo wafika. Galimoto inadutsa osaima, chifukwa a Fowilo sankaima pakati pa chitunda popanda chifukwa. A Malita anamwalira dzuwa likulowa, mpango uli kumutu.

Loweruka m'mawa abale a malemuwo anakwera kukawapeza amalume pamene anamanga matenti, mtunda wosakwana ola limodzi, n'kuwauza za malirowo. Amalume anavula chipewa n'kunena kuti amva. Netiweki kumeneko kulibe, ndipo abalewo sanavutike kutuma wina kumunsi, poti anali atauza mwini mkazi yemwenso ndi mwini galimoto. Atangochoka, a Gondwe anachonderera kuti atsike akawatenge azakhali, iwo adikira pamatenti. Amalume anayankha kuti mafuta anawerengera okwerera kamodzi ndi kutsikira kamodzi, ndipo chigubu chapadera ndi cha ngozi, maliro si ngozi. Anatenga alendo awo kukawaonetsa mathithi monga mmene anakonzera. Kumudzi anadikira mpaka dzuwa kupendeka, akutchera khutu kumsewu, kenaka anaika.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti anadzapepesa. Ayi ndithu. Ndinawafunsapo kamodzi, ukali utandikwera, ndipo anandiyankha kuti anapita anthu anayi, anabwera anthu anayi, palibe anakandika ngakhale chala, ulendo wabwino ndi umenewo. Azakhali sanachoke pabanja. Anapitiriza kuphika ndi kuchapa, ndipo sitiroko itawagwetsa amalume chaka chomaliza, ndi iwo ankawasambitsa ndi kuwatembenuza. Chimodzi chokha anasiya, kutunga madzi a galimoto. Dzina la a Malita sanalitchulenso m'nyumbamo. M'miyezi yomaliza amalume ankapempha kuti tiwanyamule tikawakhazike pachiwongolero, n'kumangogwira giya ndi dzanja lawo lotsala lija, injini ili chete. Ndinkawamvera chisoni, inde, koma osati kwambiri.

Paja mlandu suola. Amalume atamwalira, abale anagwirizana kuti thupi lipite ku Jenala pa pikapu yawo yomweyo, poti ndi imene ankaikonda. Anapeza dalaivala, anakweza bokosi, anayala mphasa pambali pake pokhala namfedwa. Amayi a mpingo anawagwira azakhali mikono uku ndi uku kuti awakweze. Atafika pachitseko chakumbuyo, pamene manambala a choko ankaonekabe apo ndi apo, azakhali anaima nji.

"Mwandiyeza?"

Anthu anayang'anana. Mkulu wa mpingo anati, "Amayi, kwerani, nthawi yatha."

"Muno simukwera chosayeza. Feliya, katenge tayala lija."

Ndinaganiza kuti chisoni chawasokoneza, koma nditawayang'ana m'maso ndinaona kuti ali bwinobwino kuposa tonsefe. Ndinapita m'chisakasa, ndinalichotsa pamsomali, ndinaligubuduza pakati pa anthu, nyimbo itaduka.

"Liikeni pamphasapo," anatero. "Ndi limene amayenda nalo. Likawaperekeze."

Palibe analimba mtima kulitsitsa. Bokosi linapita ku Jenala tayala lili pambali pake, ndipo azakhali anatsala. Kumanda sanapondeko, ndipo kuchiliza andiuza kale kuti sabwera. Alipo amene amawanena mpaka lero kuti anachititsa manyazi maliro. Anene. Ine tayalalo ndinaligubuduza ndi mtima woyera, ndipo atanditumanso ndikhoza kupita chothamanga.

Patatha mwezi ana a a Malita anabwera kudzawatenga, ndipo pamene msewu unathera anawanyamula pamachila mosinthana. Akukhala kumtunda tsopano, pafupi ndi manda a mkulu wawo, ndipo ndamva kuti akudya bwino. Pikapu inagulitsidwa. Nyumba ili yotseka.

Dzulo ndinasuzumira pampanda. Chisakasa cha galimoto chikadalipo, denga litagwa mbali imodzi. Pansi pali timaenje tinayi pamene matayala ankaima, ndi banga lakuda la oyilo pakati, pamene udzu ukukana kumera. Mwala woika kumbuyo kwa tayala uli pomwe anausiya. Ndowa palibe, azakhali anapita nayo. Dalaivala wa pamaliro uja, posadziwa kanthu, anabwezera tayala pamsomali wake, ndipo wogula pikapu atamva nkhani yake anakana kulitenga. Lili pomwepo, mpweya unatha, akangaude alukapo, timinga take tonse tilipo. Silinamangidwepo pagalimoto ngakhale tsiku limodzi.